Chakudza Sichiyimba Ng'oma: Zimene Ndinatola ku Glasgow pa Luso Lolemba Nthano za Mbiri

Munthu akamapita kumsonkhano wa okonda nthano za sayansi amayembekeza kukamva za zombo zopita ku nyenyezi, za maloboti ndi za zamoyo za m'maiko amene palibe anawapondapo. Zonsezo zinalikodi ku Glasgow mu Ogasiti 2024, pamene Worldcon, msonkhano umene unayambira ku New York mu 1939, unachitikira mumzindawu kachitatu. Kuyambira pa 8 mpaka pa 12 anthu masauzande anali piringupiringu m'makonde a Scottish Event Campus, ena atavala ngati ankhondo a m'mafilimu, ena atapachika timaliboni tambirimbiri kunsi kwa mabaji awo mpaka kufika pamchombo. Ine ndinapita ndi kope loti ndikalembemo za mawa. Pobwerera, masamba ambiri a kopelo anali atadzaza ndi za dzana.

Mwina malo omwewo ndiwo anachititsa. Ukatuluka panja kukapuma mphepo umakumana ndi chimakina chachitsulo chotchedwa Finnieston Crane, chimene kale chinkakweza mitu ya sitima zapamtunda m'zombo zopita kutsidya kwa nyanja. Chili chilili m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, ntchito chinasiya kalekale. Kumunsi pang'ono kwa mtsinje womwewo, ku Scotstoun, ndi kumene anasulira Ilala mu 1949, sitima imene anaitumiza kwathu zidutswazidutswa n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. M'kati mwa holo anthu akukangana za ulendo wa ku Mars, kunja kuno chitsulo chadzimbiri chikukukumbutsa kuti nalonso dzulo linali ndi zodabwitsa zake, ndipo eni ake ankazitcha zamakono.

Pamisonkhano yotereyi zokambirana zimayenda chonchi: alembi anayi kapena asanu amakhala patebulo kutsogolo, amapatsidwa mutu, amaukambirana kwa nthawi yosakwana ola, kenako omvera amafunsa. Mitu imakhala yochuluka kwambiri moti nthawi imodzi m'zipinda zosiyanasiyana mumachitika zinthu khumi ndi kuposa, ndipo kusankha chipinda chimodzi ndiko kutaya zinazo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kulikonse kumene nkhani inakhudza mbiri, anthuwa ankayankhula ngati eni mudzi. Poyamba ndinkati n'kulowerera ntchito ya eni. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditavomera kuti wolemba za chaka cha 2400 ndi wolemba za chaka cha 1600 akusenza mtolo umodzi. Onse awiri amatenga wowerenga n'kukamutula pamalo pamene sadziwa malamulo ake: chimene chimadyedwa, amene amagwadiridwa, chimene chingaphetse munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa sayansi amadziwa kuti dziko lakelo n'lachilendo, ndiye amalimanga mosamala. Wa mbiri kawirikawiri amadzinamiza kuti makolo ake anali ngati iye yemwe, kungoti analibe foni.

Vuto loyamba ndi la kafotokozedwe. Okonda nthano za sayansi ali ndi chizolowezi chimodzi cha alembi chimene amachiseka kwambiri, mpaka anachipatsa dzina kuchokera pa mawu amene chimayambira: monga ukudziwa, Bob. Ndi pamene mpangankhani wina akuuza mnzake zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale, cholinga chili choti wowerenga amve. Tangoganizani bambo wa ku Chiradzulu mu 1949 akutembenukira mkazi wake pamphasa n'kunena kuti, "Monga mukudziwa mayi a ana, dziko lathu lino la Nyasaland lakhala pansi pa Angerezi kuyambira 1891, ndipo timakhoma msonkho chaka ndi chaka." Ndani amayankhula choncho m'nyumba mwake? Koma tsegulani zolemba zambiri za ophunzira ndi masewero ena apawailesi onena za kale, mudzamupeza bamboyu ali pompo, akuphunzitsa mkazi wake mbiri ya sitandade 7.

Mankhwala ake alembi a sayansi anawapeza msanga chifukwa analibe kothawira. Chitsanzo chimene amakonda kutchula ndi cha Robert Heinlein, amene m'buku lake lina la 1942 anangonena m'mawu ochepa kuti chitseko chinatseguka motambasuka ngati mwanadiso, n'kupitirira ndi nkhani osafotokoza kanthu. Wowerenga amadzimangira yekha nyumba yonse ndi mzinda wonse kuchokera pachitsekocho. Jo Walton, mlembi wobadwira ku Wales amene amakhala ku Montreal, anapeka liwu lakuti incluing potanthauza kumwaza zizindikiro m'nkhani yonse kuti wowerenga azitola yekha. Tikabwerera kwa bambo wa ku Chiradzulu uja, msonkho safunika kuutchula ndi chaka chake. N'kokwanira kuti galu akauwa kumsewu, mkaziyo ayang'ane kudenga pamene anasomeka chitupa, ndipo mlamu wake amene alibe chitupacho atuluke chakumbuyo n'kukagona kuthengo. Pamenepo wowerenga waudziwa msonkho ndi thupi lake.

Njira ina ndi yakale kwambiri, ndipo mwini wake ndi wa komweko ku Scotland. Pabwalo la George Square, pakati pa Glasgow, pali chipilala chachitali chimene pamwamba pake paimirira Walter Scott. Buku lake Waverley, lotuluka mu 1814, ndilo ambiri amaliwerengera ngati chiyambi cha nthano yaitali ya mbiri m'Chingerezi. Limakamba za kuukira kwa 1745, pamene Charles Edward Stuart anafuna kulanda ufumu wa Britain mothandizidwa ndi mafuko a kumapiri a Scotland. Scott sanatenge kalonga ameneyu kukhala mpangankhani wamkulu. Anatenga Edward Waverley, mnyamata wa ku England wamtima iwiri, amene akufika kumapiriko ngati mlendo, chilichonse n'kumamudabwitsa. Mlendo amafunsa, ndipo akafunsa wowerenga amamva nawo yankho. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Alembi a sayansi anangotenga mlendo wa Scott n'kumukweza makina oyendera m'nthawi. Mu Doomsday Book, buku la Connie Willis la 1992 limene linapata mphotho ya Hugo chaka chotsatira, wophunzira wa ku Oxford dzina lake Kivrin akutumizidwa kuchokera mu 2054 kupita mu 1320, koma molakwika akukafikira mu 1348, chaka chimene mliri waukulu unalowa mu England. Chimene ndimachikonda m'bukuli n'chakuti maphunziro onse a mtsikanayu akumugwiritsa fuwa lamoto. Chingerezi chakale chimene anaphunzira m'kalasi eni ake sakuchimva, nayenso sakumva chawo. Zovala zimene anamusokera n'zosalala mopitirira muyeso. Manja ake ndi ofewa kuposa a aliyense. Willis akuchenjeza ofufuza anzake kuti zimene zinatsala m'mabuku ndi fupa chabe. Ndipo pamene anthu ayamba kufa, mmodzimmodzi mpaka mudzi wonse, wowerenga sakulira chiwerengero. Akulira kamtsikana kotchedwa Agnes ndi wansembe wosaphunzira Roche, amene akuimba belu ndi kukumba manda mpaka tsiku lake. Chosekesa n'chakuti mbali ya bukuli imene inakalamba msanga si ya 1348 ayi, ndi ya 2054. Ku Oxford wam'tsogoloyo anthu akutha masamba ambiri akusakana pamatelefoni a m'nyumba, poti mlembi sanalote foni yam'manja.

Koma amene anaigwiritsa bwino koposa njira ya mlendoyi, m'kuona kwanga, ndi Octavia Butler mu Kindred, buku la 1979. Dana, mayi wakuda wa ku California wa mu 1976, akungopezeka wakokedwera ku Maryland wa nthawi ya ukapolo nthawi iliyonse imene moyo wa Rufus Weylin, mwana wa mwini akapolo, uli pachiswe. Palibe makina, palibe kufotokoza. Posakhalitsa akuzindikira kuti Rufus ndi kholo lake, ndipo kuti iye adzabadwe m'pofunika Rufus akhale ndi moyo mpaka abereke mwana mwa Alice, mkazi amene sakumufuna. Butler anafotokozapo kuti mbewu ya bukuli inachokera kwa mnyamata wina wa kukoleji amene ankanyoza mibadwo ya makolo awo kuti inagonjera azungu mwamantha. Mayi ake a Butler anali wantchito wa m'nyumba za azungu, olowera khomo la kuseri, ndipo iye ankadziwa kuti kupirira kumeneko ndiko kunamudyetsa. Ndiye anatenga munthu wamakono, wophunzira, wodziwa ufulu wake, n'kumuika pamalo omwewo kuti tione ngati angachite bwino kuposa agogo ake. Sakuchita bwino kuposa iwo. Pang'onopang'ono akuphunzira kuweramitsa mutu, kusankha mawu, kuwerengera zikwapu asanatsegule pakamwa, ndipo akuchita mantha poona mmene zikumuzolowerekera msanga. Pobwerera komaliza akusiya mkono wake kumeneko.

Apa ndi pamene mlendo amagwira ntchito yoona. Mwa alembi ofooka, mlendo amafika m'mbiri ngati woyendera sukulu: amapeza zolakwa, amadzudzula, amaphunzitsa anthu kusamba m'manja, n'kubwerera ali woyera. Mwa Butler, mbiri ndi imene ikuyesa mlendoyo, ndipo mayesowo akulephera monga tingalepherere inu ndi ine.

Tsopano ndifike pachinthu chimene ndinachilemba ndi kuchidula mzere kawiri m'kope langa. Anthu a m'mbiri sankadziwa kuti ali m'mbiri. N'chapafupi kunena, koma m'kulemba ndi pamene ambiri timagwera. Ife tikudziwa mmene zinathera, ndipo kudziwako kumadontha m'cholembera ngakhale tisakufuna. Mpangankhani wathu wa mu 1958 amayang'ana ndege ikutera pa Chileka ali kale ndi nkhope ya munthu wodziwa za 1964, mwinanso za 1994. Msilikali wathu wa mu 1914 amatsanzika ngati akudziwa kuti nkhondo itenga zaka zinayi.

Panyanja yathu pomwe panachitika nkhani imene imaonetsa zimenezi bwino. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangolengezedwa ku Ulaya, kaputeni Rhoades wa sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa padoko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiombera. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, amene anali mnzake womwa naye, akuti anapalasa kabwato kubwera ali wolusa, kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Uthenga wa nkhondo unali usanamufike. M'mutu mwake munalibe nkhondo yoyamba ya dziko lonse, munali mnzake wopenga ndi sitima yobooka. Mlembi wa nthano ya mbiri ntchito yake ndi kulowa m'kabwato ka Berndt n'kukhala mmenemo, osadziwa kanthu. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo mlembi akayamba kuiimba yekha ng'omayo nkhani yafa.

Hilary Mantel ndiye katswiri wa zimenezi, ndipo dzina lake limamveka pakati pa okonda sayansi ngati kuti ndi wawo. Wolf Hall, imene inapata mphotho ya Booker mu 2009, imalowa m'mutu mwa Thomas Cromwell, mwana wa wosula zitsulo wa ku Putney amene anakwera mpaka kukhala dzanja lamanja la mfumu Henry VIII. Mngerezi aliyense wopita kusukulu amadziwa kuti Anne Boleyn anadulidwa mutu mu 1536 ndipo Cromwell anatsatira mu 1540. Mantel analibe chinsinsi choti abise. Chimene anachita ndi kulemba zonse ngati zikuchitika tsopano lino, mneni aliyense ali m'nthawi yatsopano, ndipo diso la nkhani analimata kumbuyo kwa diso la Cromwell. Sitiona chimene iye sakuona. Bukuli limatha mu 1535 Cromwell akukonza ndondomeko ya ulendo wa mfumu, n'kuikamo masiku ochepa oti akacheze kunyumba ya banja la Seymour yotchedwa Wolf Hall. Kwa iye ndi malo ogona panjira. Wowerenga yekha ndi amene akudziwa kuti m'nyumba imeneyo muli Jane, mkazi wotsatira wa mfumu, ndipo kuti ulendowu ndi chiyambi cha imfa ya Anne. Mlembi sananene liwu limodzi lochenjeza. Mantha onse akuchokera kwa ife.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Owerenga ambiri anadandaula kuti mu Wolf Hall sadziwa kuti mlowam'malo woti iye akuloza yani, poti Mantel amamutcha Cromwell choncho ngakhale m'chipinda muli amuna asanu. M'buku lachiwiri anayamba kuonjezera dzina apa ndi apo. Wolemba m'Chichewa aphunzirepo, chifukwa ife liwu lomwelo limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo ulemu ukalowapo munthu mmodzi amasanduka iwo.

Pamsonkhanowu pali gulu lina limene poyamba ndinkaliona ngati la masewera: olemba mbiri yokhota, imene imafunsa kuti zikanakhala bwanji chinthu china chikanapita mbali ina. Ali ndi mphotho yawoyawo, Sidewise. Kholo lawo lodziwika ndi Philip K. Dick, amene mu The Man in the High Castle ya 1962 analemba America yogonjetsedwa ndi Germany ndi Japan. Nisi Shawl mu Everfair ya 2016 anapeka dziko la othawa nkhanza za mfumu Leopold II ku Congo, lokhala ndi zombo zake zamumlengalenga. Sindinasinthe maganizo pa mabuku ambiri a mtunduwu, amene amangokhala masamu a akazembe ankhondo. Koma ndinazindikira kuti funso lawolo ndi chida chimene wolemba mbiri yeniyeni sangachite popanda icho. Ngati sungathe kuona m'maganizo mwako njira ina imene zinthu zikanayendera, sungalembe munthu amene akusankha.

Tengani usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915. Tonse tikudziwa mathero ake: William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero, ulendo wokalanda mfuti kusitolo ya Mandala ku Blantyre sunaphule kanthu kwenikweni, tchalitchi cha ku Mbombwe chinaphwasulidwa ndi mabomba, ndipo pa 3 Febuluwale John Chilembwe anawomberedwa chakufupi ndi malire a Mozambique. George Mwase, polemba patapita zaka zoposa khumi ndi zisanu, anatipatsa Chilembwe wodziwa kale kuti akukafa, wofuna kungomenya kamodzi kuti dziko limve. Chithunzi chimenecho n'chokongola ndipo chinakhazikika. Koma munthu yemweyo anatumiza uthenga kwa Ajeremani, ndipo ankayembekeza kuti ku Ntcheu nakonso kuphulika. Amuna amene anayenda usiku wonse kupita ku Blantyre ena mwa iwo ayenera kuti ankaona m'maganizo mwawo Lolemba lopanda thangata. Wolemba nthano ya usiku umenewo ayambe wakhala pansi n'kulingalira Nyasaland mmene kuukirako kwatheka, mpaka aikhulupirire, kenako ang'ambe pepalalo n'kulemba zimene zinachitikadi. Akapanda kutero adzalemba maliro a masamba mazana atatu, anthu ake akuyenda ngati zithunzi za pandalama.

Za zinthu zogwirika, zakudya ndi zovala, alembi a kumsonkhanowu amakangana mpaka kutuluka thukuta. Mlembi amene waika mbatata ya kachewere pamphika wa ku Ulaya wa zaka za m'ma 1300 samukhululukira, poti mbewuyo inachokera ku America Columbus atapita kale. Ifenso msampha womwewo watitchera. Chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata, tomato ndi fodya zonse n'zochokera kutsidya limenelo. Nsima ya pabwalo la Kalonga woyamba wa Maravi inali ya mapira kapena mawere. Munthu wa nthawi imeneyo sangapangane ndi mnzake kuti adikire mphindi zisanu. Ali ndi tambala woyamba, dzuwa la paliwombo ndi nthawi yolowa nkhuku. Ngakhale wa mu 1960 sangalipire makwacha, amene anayamba mu 1971, ndipo akati akupita kulikulu akunena ku Zomba.

Koma pali msampha wina wotembenuka, umenenso Jo Walton anaupatsa dzina: vuto la Tiffany. Dzina lakuti Tiffany linalipo ku England zaka mazana ambiri zapitazo, kuchokera ku Theophania, koma mlembi akalipereka kwa mtsikana wa nthawi imeneyo owerenga amati walakwitsa, chifukwa kwa iwo limamveka ngati la dzulodzuloli. Choona chimaoneka ngati bodza. Yusuf Juwayeyi atafukula pa Mankhamba, pamene panali likulu la Maravi chakufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, zinthu zamkuwa ndi mapale a mbale zadothi za ku China. Lembani mkazi wa kubwalo la Kalonga atanyamula mbale ya ku China, muone ngati wina sakuuzani kuti mwaonjeza. M'mutu mwa owerenga ambiri, makolo athu anakhala m'tchire lotsekeka mpaka tsiku limene David Livingstone anatulukira. Pamenepa mlembi asagonje n'kuchotsa mbaleyo. Aipatse mbiri yake m'nkhanimo: inadutsa m'manja mwa yani, inagulidwa ndi minyanga ingati, ndani anamenyedwa itasweka. Chinthu chikakhala ndi mtengo ndi mwini, wowerenga amachikhulupirira.

Chovuta kuposa mbale ndi mtima. N'kosavuta kuveka mpangankhani nyanda koma m'mutu mwake n'kusiyamo maganizo a munthu wa pa Facebook. Timafuna kuti ngwazi yathu idane ndi ukapolo, ikayikire mwabvi, ilemekeze akazi monga mwa malamulo a lero, kuti owerenga aikonde. Zotsatira zake ndi munthu wopanda kwawo. Amene ankamwa mwabvi ambiri ankaumwa ndi mtima wonse, ali ndi chikhulupiriro kuti wosalakwa asanza, ndipo ena ankachita kuupempha kuti ayeretse dzina lawo. Mlembi amene sangathe kulemba mayi woteroyo popanda kumuseka kapena kumumvera chisoni chapamwamba sanafike m'nthawi imene akulembayo. Pano alembi a sayansi ali patsogolo pathu, poti anazolowera kulemba zamoyo zoganiza mosiyana ndi ife n'kuzipatsa nzeru zokwanira m'dziko lawo. Ulemu umene amapereka kwa cholengedwa cha miyendo isanu ndi umodzi ife timalephera kuupereka kwa agogo a agogo athu.

Nanga aziyankhula Chichewa chotani? Susanna Clarke, amene Jonathan Strange & Mr Norrell yake inalandira Hugo ku Glasgow komweko mu 2005, anatsanzira kalembedwe ka nthawi ya Jane Austen mpaka masipelo akale ndi mawu am'munsi onamizira maphunziro. Zinamuyendera chifukwa Chingerezi cha nthawiyo chinalembedwa chambiri ndipo owerenga amachizindikira. Mantel anasankha chiyankhulo chamakono chosalala, n'kungochotsamo mawu ndi mafanizo amene Cromwell sakanawadziwa. Kwa ife njira yachiwiriyi ndiyo yotheka. Chinyanja cholembedwa chisanafike chaka cha 1900 n'chochepa, ndipo chambiri chinadutsa m'makutu a amishoni. Kudzaza kamwa la mpangankhani ndi miyambi itatu pa chiganizo chilichonse, monga ena amachitira pofuna kuti amveke wakale, kumamusandutsa buku la miyambi loyenda ndi miyendo. Akale nawonso ankatukwana, ankanama, ankaseka zopusa. Ntchito yaikulu ndi yochotsa: asanene kuti maganizo ake anathamanga ngati galimoto, asayeze mtunda m'makilomita.

Buku la kwathu kuno limene linayesa kugwira mbali zonse ziwiri ndi The Old Drift la Namwali Serpell wa ku Zambia, lotuluka mu 2019. Limayambira pa atsamunda oyamba pafupi ndi mathithi a Victoria kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, n'kukathera m'tsogolo mwa tindege tating'ono ngati udzudzu padamu la Kariba, ndipo mu 2020 linapata mphotho ya Arthur C. Clarke, imene ndi ya nthano za sayansi. Lili ndi mabanja atatu ndi mibadwo itatu, ndipo ine ndimaona kuti pena katunduyo amalemera kuposa ngolo. Anthu ena amangowadutsa tisanawadziwe. Koma pamene likukamba za Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 analengeza kuti Zambia ipita kumwezi, limachita chimene ndakhala ndikunenachi. Atolankhani akunja anamujambula ngati wamisala wogubuduza achinyamata m'migolo. Serpell akumubwezera m'chaka chake, chaka chimene dziko latsopano linkabadwa ndipo palibe ankadziwa polekezera zotheka, n'kutikumbutsa kuti munthuyu anali msilikali wa nkhondo yachiwiri ndi womenyera ufulu. Ukamuona ali mu 1964 yake, kuseka kumakuthera pakamwa.

Funso limene limabwera pafupifupi m'chipinda chilichonse, kawirikawiri kuchokera kwa wina wakumbuyo amene akulemba buku lake loyamba, ndi lakuti mlembi ali ndi ufulu wopeka mpaka pati. Mantel m'maphunziro ake a Reith a 2017 anaima poti zimene zinalembedwa ndi kutsimikizika sazisuntha kuti nkhani ikome, koma amapeka m'mipata imene zolembedwazo sizifika, makamaka m'mitima ya anthu. Ndikugwirizana naye, ngakhale iye anali ndi mwayi umene ife tilibe: makalata a Cromwell alipo milumilu. Kwathu mipata ndi yaikulu kuposa nsalu. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapita ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda, ndipo amene anatsala analembedwa ndi abwanamkubwa, ma DC ndi amishoni. Amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amapezekamo ngati manambala. Ufulu wopeka ndi waukulu, koma ngozi yake ndi yomweyo ya kandimverere amene anakanena za m'maluwa.

Komabe zolembedwa si mboni zokha. Samuel Ntara polemba Mbiri ya Achewa anayenda kufunsa akuluakulu. Megan Vaughan, pofufuza njala ya 1949 m'boma la Blantyre pa buku lake la 1987, anapeza kuti zimene malipoti a boma sananene zinasungika m'nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo: za amuna amene anapita kukasaka chakudya osabwerera, za maukwati amene anatha ndi njalayo. Mlembi wa nthano sangapeze chuma choposa chimenecho, ndipo sichili ku Glasgow kapena ku London.

Inu amene mukufuna kulemba za kale, mukapita kwa agogo musawafunse kuti chinachitika n'chiyani, poti adzakuuzani zimene wailesi inawaphunzitsa pambuyo pake. Afunseni kuti mvula itadula mu Januwale uja ankaganiza kuti ibweranso liti, anabisa chiyani ndipo anabisira yani, ndi mphekesera ziti zimene anazikhulupirira koma sizinachitike. Pitani ndi chojambulira mawu chaka chomwe chino. Mwana amene anali ndi zaka 10 pa njala ya 1949 anakwanitsa zaka 85 chaka chimene ine ndinali ku Glasgow.